Mkaidi Akadwala: Mbiri ya Chithandizo cha Mankhwala M'ndende

Akuluakulu akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu umaphunzitsa kuti munthu amene ali pa vuto ndiye ayenera kuyamba kufunafuna chithandizo. Komatu alipo malo amodzi kumene mwambiwu sugwira ntchito, ndiwo ndende. Kumeneko chitseko chimatsekedwa ndi kunja, ndipo kiyi amakhala m'thumba mwa munthu wina. Mkaidi akamva m'mimba sangathamangire kuchipatala, sangakumbe mankhwala kuthengo, ndiponso sangatume mwana kukagula mankhwala kugolosale. Moyo wake wonse uli m'manja mwa amene anamutsekera. N'chifukwa chake mbiri ya chithandizo cha akaidi odwala imaonetsa poyera mtima wa boma lililonse limene lalamulapo dziko lino. Boma la Ntcheu lili ndi anthu otchuka amene miyoyo yawo ithandiza kulongosola mbiri imeneyi.

Nthawi ya atsamunda

Ndende zomanga ndi njerwa zinadza ndi atsamunda. Kale milandu yambiri inkathera pabwalo la mfumu ndi chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku, ndipo wolakwa akadwala ankasamalidwa ndi abale ake monga munthu wina aliyense. Angerezi atakhazikitsa ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, anayamba kumanga ndende zazing'ono m'maboma, ndipo ndende yaikulu ya ku Zomba inamangidwa m'chaka cha 1935. Kuyambira pamenepo udindo wosamala wolakwa wodwala unachoka m'manja mwa abale n'kulowa m'manja mwa boma.

Nkhani imene Angoni a ku Ntcheu saiiwala ndi ya Inkosi ya Makosi Gomani II, Philip Gomani, amene likulu lake linali ku Lizulu. Bambo wake, Gomani I, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda m'chaka cha 1896. M'chaka cha 1953, pamene Angerezi ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mfumuyi inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe pofuna kuonetsa kuti chitaganyacho sakuchifuna. Bwanamkubwa Geoffrey Colby anaiimitsa pa ufumu nalamula kuti ichotsedwe m'dera lake. Pa nthawiyo mfumuyi inali yodwaladwala ndi yofooka kwambiri.

M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho apolisi anafika ku Lizulu kudzaitenga, koma anthu anakaniza ndipo panabuka chipwirikiti. Popeza Lizulu ali pamalire penipeni, mfumuyi inaolokera m'dziko la Mozambique pamodzi ndi mwana wake Willard ndi mbusa wa mpingo wa Anglican, Michael Scott. Apwitikizi anawagwira nawabweza kwa Angerezi. Scott anapirikitsidwa m'dziko muno, pamene Gomani anakathera ku chipatala cha mishoni cha Malamulo m'boma la Thyolo. Sanabwererenso kwawo ali moyo, pakuti anamwalira m'chaka cha 1954.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yakuti boma la atsamunda linalola mfumu yodwala kugona m'chipatala m'malo mwa chitolokosi. Mbali yachiwiri ndi yakuti bedi la m'chipatalalo linasanduka ndende ya mtundu wina, chifukwa wodwalayo anali kutali ndi anthu ake ndipo analibe ufulu wobwerera kumudzi. Tiyenera kukumbukiranso kuti Gomani anali mfumu yaikulu imene nkhani yake inamveka mpaka ku London. Boma linkadziwa kuti maso a anthu ambiri ali pa iye. Mlimi wamba amene anamangidwa chifukwa chokana kuunda mizere analibe wina womulankhulira kunja kwa dziko.

Lamulo la ndende limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1956 linapereka ntchito kwa dokotala wa ndende, monga kuyeza akaidi ndi kuyang'anira umoyo wawo. Lamulo limeneli linapitirira kugwira ntchito kwa zaka makumi ambiri dziko litalandira ufulu. Koma kulemba lamulo n'kwina, kupeza dokotala woti alikwaniritse n'kwinanso, makamaka m'dziko limene madokotala anali owerengeka.

Nthawi ya chipani chimodzi

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, anthu ambiri anayembekeza kuti nkhanza za m'ndende zatha. Zimene zinachitika n'zosiyana. Malamulo a chitetezo analola boma kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo malo ngati Dzeleka m'boma la Dowa ndi Mikuyu m'boma la Zomba anadzaza ndi akaidi a ndale.

Mmodzi mwa iwo anali Sam Mpasu, mbadwa ya ku Ntcheu. Iye anamangidwa m'chaka cha 1975 chifukwa cha buku lanthano limene analemba lotchedwa Nobody's Friend, ndipo anakhala ku Mikuyu kufikira 1977 osaonekera pabwalo la milandu. Pambuyo pake analemba buku lina, Political Prisoner 3/75, lofotokoza zimene anaona. Mabuku a anthu ngati Mpasu ndi Jack Mapanje, amene anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, pamodzi ndi malipoti a bungwe la Amnesty International, amagwirizana pa mfundo zingapo. Chakudya chinali nsima ndi nyemba kapena nandolo wofumbwa. Akaidi ankagona pansi pa simenti mothithikana. Mankhwala anali ochepa, ndipo kupita ku chipatala cha kunja kunali kovuta chifukwa mkaidi wa ndale ankaonedwa ngati chigawenga chimene sichiyenera kuonana ndi anthu. Kudwala kwake sikunali nkhani ya dokotala yekha, koma ya apolisi achitetezo.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene anali ndi mphamvu zambiri pa nthawi imene Mpasu ankamangidwa analinso wa ku Ntcheu. Ameneyu ndi Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress. M'chaka cha 1976 iye anamangidwa pamodzi ndi Focus Gwede, mkulu wa apolisi achitetezo. Muwalo ananyongedwa ku Zomba m'chaka cha 1977, ndipo Gwede anakhala zaka zambiri m'ndende zomwe zija ankatumizamo anzake. Apa mpamene mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, unapherezera.

Imfa imene inagwedeza dziko pa nkhani ya akaidi odwala ndi ya Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo. Iye ndi mkazi wake Vera anagwidwa m'mwezi wa Disembala 1981, ndipo m'chaka cha 1983 anaweruzidwa kuti aphedwe, chilango chimene pambuyo pake chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Kagulu ka maloya a ku Britain kataloledwa kuwaona ku Zomba m'mwezi wa Seputembala 1992, kanapeza Orton atafooka, maso ndi makutu zisakugwira bwino ntchito. Anamwalira m'ndende momwemo pa 20 Okutobala 1992, ali ndi zaka 73. Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Bungwe la maiko a mu Africa loona za ufulu wa anthu litaunika dandaulo lokhudza banjali ndi Aleke Banda, linapeza kuti Malawi anaphwanya pangano la ufulu wa anthu, ndipo kusowa kwa chithandizo cha mankhwala kunali chimodzi mwa zifukwa zake.

Chaka cha 1992 chomwecho zinthu zinayamba kusintha. Maepiskopi a mpingo wa Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi, maiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zambiri, ndipo boma linalola bungwe la Red Cross la dziko lonse kuyendera ndende. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri.

Ufulu wolembedwa

Amene analemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi chikumbumtima cha Mikuyu ndi Zomba, popeza ena mwa atsogoleri atsopano anali atagonamo. Gawo 42 la malamulowo likunena kuti munthu aliyense wosungidwa m'ndende ayenera kusungidwa molemekeza umunthu wake, ndipo alandire chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, boma ndilo lilipire. Malamulo omwewo anakhazikitsa bungwe loyendera ndende, lotsogozedwa ndi woweruza milandu, kuti lizipereka malipoti ku Nyumba ya Malamulo. Chithandizo cha mankhwala chinaleka kukhala chifundo cha olamula n'kukhala ufulu wa mkaidi.

Koma mdani wina anali atakula kale, ndiye kuthithikana. M'chaka cha 1996 akatswiri a zaumoyo anayeza akaidi 914 ku ndende ya Zomba, ndipo anapeza kuti 47 mwa iwo anali ndi chifuwa chachikulu. Ambiri mwa odwalawo sankadziwika n'komwe kuti akudwala. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Tizirombo ta chifuwachi timayenda mumpweya munthu akatsokomola. Anthu ochuluka akatsekeredwa m'chipinda cha mawindo aang'ono kuyambira madzulo mpaka m'mawa, onse amapumirana mpweya umodzi. Ena amachezera usiku wonse chokhala, atatsamirana m'mizere pakati pa chipinda, malo amene akaidi amawatcha shamba. Thupi losowa chakudya chamagulu, kapena lofooka ndi kachirombo ka HIV, silichedwa kugonja. Mphere, kutsekula m'mimba ndi kutupa miyendo zimayenda m'njira yomweyo.

Mkaidi wina, Gable Masangano, anatengera boma kubwalo lalikulu la milandu m'malo mwa akaidi onse. Iye anadandaula za kuthithikana, chakudya chosakwanira, zofunda ndi mankhwala. Boma linayankha kuti ndalama n'zochepa. Pa 9 Novembala 2009 oweruza anagamula kuti kusowa kwa ndalama si chifukwa chomanira akaidi zimene lamulo linalamula, ndipo anapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka ndi kukonza zipinda kuti muzilowa mpweya. Chigamulochi chinali chachikulu, koma malipoti a bungwe loyendera ndende a zaka zotsatira anapitiriza kudandaula za mavuto omwewo.

Pali zina zimene zinakonzeka. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi ma ARV anayamba kufika m'ndende. Kuyambira m'chaka cha 2014 bungwe la Médecins Sans Frontières linagwira ntchito ku Maula ndi ku Chichiri, kuyeza akaidi polowa, ali m'kati, ndiponso potuluka. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utalowa m'ndende, boma linakhululukira akaidi mazanamazana pofuna kuchepetsa chiwerengero.

Ulendo wa mkaidi wodwala

Ndende zazikulu zili ndi tizipatala take, koma ndende za m'maboma, monga ya pa Ntcheu, zimadalira kwambiri chipatala cha boma pa matenda aakulu. Ulendo wochoka m'chipinda kukafika pabedi la chipatala uli ndi zipata zingapo. Choyamba wodwala auze nyapala, amene ndi mkaidi woyang'anira anzake. Nyapala auze msilikali wa ndende. Kenaka papezeke asilikali omuperekeza, popeza mkaidi sayenda yekha, ndipo ngati sangathe kuyenda papezekenso galimoto ndi mafuta. Akagonekedwa m'chipatala pamafunika msilikali womulonda usana ndi usiku. Akabwerera ndi mankhwala pamafunika chakudya choti amwere mankhwalawo, ndipo amene abale ake ali kutali, monga ku Kasinje kapena ku Tsangano, sangayembekezere kulandira phoso kawirikawiri. Chipata chimodzi chikatsekeka, ulendo wonse waima. Matenda akayamba pakati pa usiku, anzake amangomenya chitseko ndi kufuula kufikira wina atamva.

Ena amati munthu wakuba kapena wakupha asadyerere mankhwala pamene anthu osalakwa akuwasowa m'midzi. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake, chifukwa zipatala zathu zimaperewera zambiri. Komabe mbiri ikuyankha m'njira zitatu. Poyamba, si onse ali m'ndende amene anapezeka olakwa. Ambiri akungodikira mlandu, ndipo Mpasu ndi Mapanje sanazengedwe mlandu n'komwe. Kachiwiri, woweruza akagamula zaka zitatu sanagamule imfa. Chilango ndicho kulandidwa ufulu woyenda, osati kulandidwa moyo. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a malamulo a United Nations osamalira akaidi, amene anakonzedwanso m'chaka cha 2015 n'kupatsidwa dzina la Nelson Mandela, munthu amene iye mwini anadwala chifuwa chachikulu ali mkaidi m'chaka cha 1988. Kachitatu, matenda sadziwa mpanda. Msilikali wa ndende amaweruka n'kupita kwa ana ake, ndipo mkaidi akamaliza chilango amabwerera kumudzi ndi chifuwa chake.

Nkhope ya Gomani II inaikidwa pa ndalama ya K50 m'chaka cha 2012, ndipo Orton Chirwa amawerengedwa pakati pa ngwazi za dziko. Sam Mpasu anadzakhala phungu wa ku Ntcheu ndi sipikala wa Nyumba ya Malamulo, koma m'chaka cha 2008 analowanso m'ndende pa mlandu wokhudza udindo wake wakale wa nduna ya maphunziro. Anthu amenewa mayina awo analembedwa m'mabuku. Akaidi wamba amene anatsokomola mpaka kufa pa shamba sanalembedwe paliponse, ngakhale kuti gawo 42 linalembedwera iwonso. Ntchito imene yatsalira aphungu, oweruza, madokotala ndi asilikali a ndende a mawa ndiyo kuonetsetsa kuti mkaidi wopanda dzina akamenya chitseko usiku, apezeke womutsekulira.