Kanema wa Kunja ndi Chiweruzo cha Anthu a Kumudzi: Mbiri ya Kuonera Mafilimu ku Kandeu

Mbiri ya kanema m'Malawi imakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya m'mizinda, ya nyumba zoonetseramo mafilimu monga Apollo ku Blantyre ndi Rainbow ku Limbe, chonsecho Amalawi ambiri sadapondemo phazi m'nyumba zimenezi. Malo a malonda a kumudzi ngati Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, kufupi ndi Kasinje ndi chigwa cha Bwanje, adalandira kanema kudzera m'njira zina: pagalimoto ya boma, m'nkhani za amuna obwerera kuchokera ku migodi, m'tinyumba ta vidiyo, ndipo masiku ano pafoni ya m'manja. Pa njira zonsezi filimu inkafika ili ndi munthu woima pakati pa chithunzi ndi woonerera, wofotokozera kapena womasulira, ndipo khalidwe limeneli ndilo lidaumba momwe anthu a m'madera otere amaweruzira mafilimu a ku Hollywood, dera la mumzinda wa Los Angeles ku America komwe kuli makampani akuluakulu opanga mafilimu.

Oyamba kudziwa mafilimu a ku America anali anthu a ulendo. Ntcheu ndi limodzi mwa maboma amene kwa zaka zambiri ankatumiza amuna ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ena paokha ndipo ena kudzera mwa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku South Africa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, mmishonale wa ku America dzina lake Ray Phillips adakonza zoti mafilimu azionetsedwa m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg, pofuna kuti antchito asamathere nthawi yopuma ku mowa ndi ku misonkhano ya ndale. Amene adakopa mitima kwambiri anali mafilimu a makaboyi, anthu okwera pa akavalo ndi kuombana mfuti m'zipululu za kumadzulo kwa America. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Hortense Powdermaker, yemwe adachita kafukufuku ku Luanshya m'dziko la Northern Rhodesia m'zaka za 1953 ndi 1954, adapeza kuti oonerera ankatchula ngwazi ya filimu iliyonse ya makaboyi kuti Jack, posasamala kuti wosewerayo ndani, ndipo ankaichemerera mofuula mwakuti mawu a Chingerezi sankamveka n'komwe. Filimu zimenezi zinkafika zitadulidwadulidwa ndi akuluakulu a boma, moti nkhani yake siinkalondoloka, choncho oonerera ankadzilukira okha nkhani kuchokera pa zimene maso aona: liwiro la kavalo, kulemera kwa nkhonya, kaimidwe ka munthu wolimba mtima. Mwamuna wobwerera kumudzi ankabwera ndi chipewa chachikulu, mayendedwe ndi nthano za Jack, kotero kuti ana ambiri adamva filimu isanawafike.

Boma la atsamunda lidabweretsa kanema wa mtundu wina. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito yoyesera yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment idayenda ndi mafilimu ophunzitsa m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, ndipo mawu ofotokozera m'zilankhulo za anthu ankajambulidwa padera pa mbale za galamafoni. M'chaka cha 1948 kudakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, yomwe inkapangira mafilimu maiko a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo ambiri mwa mafilimu ake oyamba anali opanda mawu, mwakuti pa chionetsero pankaima munthu wofotokozera khamu zimene zikuchitika. Nkhani zake zinali za ulimi, ukhondo, kusunga ndalama ndi kumvera malamulo. Anthu a ku Ntcheu anali ndi chifukwa chomveka chokayikira uthenga wotere, popeza m'chaka cha 1953 Inkosi ya Makosi Gomani II, Philip Gomani, idakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi kuuza anthu ake kuti asatsatire malamulo okakamiza a malimidwe, ndipo boma lidaichotsa pa mpando chifukwa cha zimenezi. Filimu yotamanda mlimi womvera mlangizi, yoonetsedwa m'dera limene mfumu yake yavulidwa ulemu pa nkhani yomweyo, sikadalandiridwa ngati chisangalatso wamba. Apa ndi pomwe woonerera wa kumudzi adaphunzira kufunsa kuti filimu yachokera kwa yani ndipo ikufuna chiyani kwa iye, funso limene ofufuza ambiri a nthawi imeneyo ankaganiza kuti munthu wosapita kusukulu sangalifunse.

Ufulu wa 1964 sudatsegule khomo kwambiri. Lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, lomwe linkadula ngakhale zithunzi za anthu akupsompsonana, ndipo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silidalole kuti dziko likhale ndi wailesi ya kanema. Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, patapita zaka zisanu chikhazikitsireni ulamuliro wa zipani zambiri. M'midzi, kanema wodziwika anali wa magalimoto achikasu a unduna wa za malimidwe, omwe ankaonetsa mafilimu a ulimi ndi masewero a zidole, komanso zithunzi za maulendo a Kamuzu. Njira ya ku migodi nayo idaphwa: ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma lidaimitsa ulendo wa ku Joni, ndipo ngakhale udayambiranso patapita zaka zochepa, udatheratu mu 1988.

Chimene chidasintha zinthu kotheratu ndi tepi ya vidiyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'zaka zonse za m'ma 1990, malo a malonda m'dziko lonse adadzala ndi tinyumba ta vidiyo, tomwe tinali chipinda chimodzi cha njerwa kapena chisakasa cha mphasa ndi mapepala a pulasitiki, chokhala ndi mabenchi, sikirini imodzi, deki, jenereta kapena batire ya galimoto, ndi chimkuzamawu panja choitanira anthu. Pakhomo ankapachika bolodi kapena chikuto cha tepi chosonyeza filimu ya tsikulo, ndipo mtengo wolowera unali wochepa woti mwana wogulitsa zitumbuwa kapena mnyamata wa ganyu tsiku la msika akadatha kulipira. Mwini kanyumba ankasankha filimu potengera phokoso la oonerera dzulo lake, kutanthauza kuti kwa nthawi yoyamba maganizo a anthu a kumudzi adayamba kulamula zimene zikuonetsedwa. Adasankha nkhonya ndi nkhondo: Bruce Lee wa Enter the Dragon ya 1973, Sylvester Stallone wa First Blood ya 1982, Chuck Norris wa Missing in Action ya 1984, Arnold Schwarzenegger wa Commando ya 1985, Jean-Claude Van Damme wa Bloodsport ya 1988, pamodzi ndi Jackie Chan ndi Jet Li. Makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ankadandaula kuti ana akuthawa sukulu ndipo akuonera zosayenera usiku, ndipo dandaulo limeneli linali ndi maziko, makamaka poti m'tinyumba tambiri simunkakhala woletsa mwana kulowa.

M'tinyumba timeneti mudakula njira yakeyake yoweruzira filimu, yomwe iyenera kulemekezedwa ngati luso osati kunyozedwa ngati umbuli. Ngwazi ya filimu inkatchedwa ekita, ndipo lamulo lodziwika kwa aliyense linali lakuti ekita safa: akhoza kumenyedwa, kumangidwa, kupheredwa m'bale, koma ayenera kudzuka ndi kukumana ndi mkulu wa adani kumapeto. Filimu yophwanya lamuloli inkaonedwa ngati yabera anthu ndalama zawo. Dzina la wosewera ndi dzina la munthu wa m'nkhani zidasanduka chinthu chimodzi, moti Stallone anali Rambo m'filimu iliyonse ndipo Schwarzenegger anali Komando ngakhale atasewera ngati wapolisi. Mikangano ya pa benchi ndi ya pa bawo inali yofunsa ngati Van Damme angapirire pamaso pa Bruce Lee, ngati wosewera wakutiwakuti amamenyadi kapena amathandizidwa ndi makina, ndiponso ngati gawo lachiwiri la filimu laposa loyamba. Makampani a ku Hollywood amadalira kwambiri mafilimu otsatizana, kutanthauza nkhani imodzi yopitirizidwa m'magawo ambiri pansi pa dzina limodzi kuti oonerera akale abwerenso, monga Rambo amene adatuluka mu 1982, 1985, 1988, 2008 ndi 2019. Anthu a m'tinyumba ta vidiyo ankamvetsa bwino malonda amenewa, ndipo chimene ankayang'ana choyamba pa chikuto cha gawo latsopano chinali nkhope: ngati ekita wasinthidwa, filimuyo inkatengedwa ngati yachinyengo.

Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, madisiki adalowa m'malo mwa matepi, ndipo mafilimu a ku Nigeria, okamba za ufiti, mitala, chuma ndi mapemphero, adakokera amayi ndi akuluakulu ku sikirini yomwe kale inali ya anyamata. Kenaka kudabwera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, momwe mnyamata wokhala ndi kompyuta ndi maikolofoni amatsitsa mawu enieni a filimu n'kuikapo ake, kulankhulira anthu onse a m'nkhani, kuwapatsa maina a kuno, kutchula midzi ndi misika yodziwika, ndi kuchenjeza oonerera za chimene chikubwera. Ntchito yotere ilinso ku Uganda, ku Tanzania ndi ku Kenya. Womasulirayu ndi mdzukulu wa wofotokozera wa pagalimoto ya atsamunda, kusiyana kwake n'kwakuti uyu amatumikira oonerera osati boma, ndipo anthu amatha kusankha filimu chifukwa cha womasulira wake kuposa chifukwa cha kampani imene idaipanga. Mafilimu amenewa amafalikira kudzera m'mashopu okopera nyimbo ndi mafilimu pa memori khadi, zomwe zimayenda bwino ngakhale kumalo kopanda magetsi a ESCOM, poti kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira ndi magetsi, pamene foni imatchajidwa ndi sola.

Khutu lozolowera kumva filimu m'Chichewa ndilo lidaweruza The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 yochokera pa buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, yosimba za mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo itadutsa njala ya 2001 ndi 2002. Filimuyi idapangidwa ndi makampani a ku Britain ndi America, idajambulidwa ku Kasungu komweko, ndipo idafalitsidwa ndi Netflix. Woitsogolera, Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain wa makolo a ku Nigeria, adasewera ngati bambo a William ndipo adaphunzira Chichewa kaamba ka ntchitoyi. William adaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake ndi Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal, pamene Mmalawi Lily Banda adasewera ngati mlongo wake. Kunja filimuyi idayamikiridwa chifukwa cholemekeza chilankhulo cha eni nkhani, koma Amalawi ambiri adadandaula kuti Chichewa cha osewera akuluakulu chinali chopotoka, chovuta kumva popanda kuwerenga mawu a Chingerezi a m'munsi, ndipo adafunsa chifukwa chimene maudindo aakulu sadapatsidwe kwa eni chilankhulo. Ena adayankha kuti popanda dzina lotchuka ngati la Ejiofor ndalama zopangira filimu sizikadapezeka, ndipo nkhani ya Kamkwamba sikadafika kutali. Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi, koma dandaulo loyambalo ndi lolemera kwambiri, chifukwa bambo wa ku Kasungu amene akulankhula ndi mwana wake m'katchulidwe kachilendo amasiya kukhala bambo wa ku Kasungu m'makutu a amene nkhaniyo ndi yawo. Kwa Angoni a ku Ntcheu, amene Chingoni chawo chidatsalira makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'maina a ziwongo, nkhani ya chilankhulo chotchulidwa molakwika pamaso pa dziko lonse si yaing'ono.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, Black Panther ya kampani ya Marvel idaonetsa kuti Hollywood ingathe kupeza phindu lalikulu pa nkhope ndi zilankhulo za mu Africa, popeza idapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni pogwiritsa ntchito Chixhosa ngati chilankhulo cha dziko lopeka la Wakanda. Mmodzi mwa osewera ake, Connie Chiume wa ku South Africa, anali mwana wa Mmalawi wa ku Usisya m'boma la Nkhata Bay. Chadwick Boseman, amene adasewera ngati T'Challa, mfumu ya Wakanda, atamwalira mu August 2020, okonda filimuyi padziko lonse adagawikana pa funso lakuti udindo wa T'Challa upatsidwe kwa wosewera wina kapena ayi, ndipo Marvel idasankha kuti mfumuyo imwalire m'gawo lachiwiri la 2022, chisankho chimene chidasunga lamulo limodzi la m'tinyumba ta vidiyo, loti nkhope ya ekita sisinthidwa, n'kuphwanya linalo loti ekita safa.

Maganizo a oonerera a ku Kandeu safika kwa opanga mafilimu amenewa, chifukwa Hollywood imamvera anthu kudzera m'matikiti ogulidwa ndi m'ndalama zolipira mwezi ndi mwezi, pamene ndalama ya woonerera wa kumudzi imathera kwa mwini kanyumba ka vidiyo, kwa womasulira ndi kwa wokopera pa memori khadi. Amene amamva chiweruzo chimenechi mwachindunji, ndiponso amene amapwetekeka ndi kukopera kopanda chilolezo kumene bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA lakhala likulimbana nako kuyambira 1992, ndi opanga mafilimu a m'dziko momwe muno: Shemu Joyah, amene The Road to Sunrise yake idakhala filimu yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar mu 2018, Joyce Mhango Chavula wa filimu ya Lilongwe, ndi Gift Sukez Sukali wa Fatsani. Iwowa amapikisana pa sikirini imodzi ndi filimu ya madola mamiliyoni ambiri imene womasulira waiveka kale Chichewa cha pamsika.