Makiyi a sitolo: mmene ankasankhira munthu kale ndi lero

Mnyamata kapena mtsikana amene waitanidwa ku intaviyu ya wachiwiri kwa manejala wa sitolo akulowa pakhomo limene makolo ake adadikirira zaka zambiri kuti litseguke.

Malonda a m'masitolo adafika m'dziko muno ndi kampani ya African Lakes, imene idayamba ku Glasgow m'chaka cha 1878. Oiyendetsa adali John Moir ndi mbale wake Frederick. Anthu ataona magalasi amene John ankavala adamutcha Mandala, ndipo dzinali lidafalikira ku masitolo onse a kampaniyo. Nyumba ya Mandala ku Blantyre idamangidwa mu 1882. Pambuyo pake padadza masitolo a Kandodo ndi a Amwenye, ogulitsa nsalu, mchere, sopo, makasu ndi palafini.

Masiku amenewo maudindo aakulu adali a Azungu, ndipo Amwenye ankadalira abale awo. Mwana wa m'dziko muno ankafika pa ukalaliki kapena ukapitawo basi. Pomulemba ntchito sankamukhazika pamaso pa gulu la omufunsa. Iye ankabwera ndi kalata yomuchitira umboni yochokera kwa mbusa kapena mphunzitsi wamkulu, ndipo ankamuyesa masamu ndi kalembedwe. Mayeso enieni adali a zaka: kuyeza nsalu popanda kuba, kubweza chenji chokwanira, ndi kupezeka wopanda shoti pa tsiku lowerenga katundu. Wopambana pa izi ndiye ankapatsidwa makiyi a sitolo yakumudzi.

Zinthu zidatembenuka dziko litalandira ufulu mu 1964. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuchoka kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda yokha, ndipo masitolo a PTC ndi Chipiku adafalikira m'maboma. Padafunika Amalawi ambiri oyang'anira masitolo, ochuluka kuposa amene bwana akadawadziwa ndi maso. Pamenepa setifiketi ndi mafunso apakamwa zidayamba kulowa m'malo mwa kalata ya mbusa.

Kusinthaku kudaombana ndi mwambo. Mwana woleredwa bwino ankaphunzitsidwa kugwetsa nkhope pamaso pa akulu ndi kusadzitama, pakuti womutama adali wina. Koma pa intaviyu munthu ayenera kudzinenera yekha zimene adachita, akuyang'ana omufunsa m'maso. Wochita manyazi amabwerako chimanjamanja, monga akulu adanenera kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Komabe mafunso a lero akufufuza zomwe zija kalata yakale inkachitira umboni. Wofunsidwa amamva kuti: ndalama za kashiya zaperewera madzulo, muchitapo chiyani? Wogula akukalipira wantchito pagulu, muweruza bwanji? Ogwira ntchito awiri sadabwere pa tsiku lamalipiro pamene sitolo yadzaza, mugawa bwanji ntchito? Ndipo funso lolemera kwa Mmalawi ndi ili: malume anu afika kudzapempha shuga pangongole, muwayankha chiyani? Apa ofunsa amafuna kuona ngati munthuyo angalemekeze mbale wake koma osakhudza katundu wa eni.

Wachiwiri kwa manejala amaima pakati. Kumwamba kuli bwana wofuna phindu, kumunsi kuli anzake amene dzulo ankapanga nawo katundu m'mashelefu. Bwana akachoka, makiyi, ndalama ndi madandaulo onse zimagwera iye, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ofunsa nawonso amadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake ngakhale lero amapempha mayina a anthu ochitira umboni, ndipo wolembedwayo amayamba wagwira miyezi yoyesedwa. Suti ndi Chingerezi chosalala zingamufikitse munthu pa mpando wa mafunso, koma makiyi amaperekedwabe kwa amene mbiri yake yamutsogolera.