Hotela ya m'nkhungu za ku Vumba

Munthu akakwera kombi ku Kuwadzana kulowera m'tauni ya Harare, amadutsa pafupi ndi Warren Hills, komwe kuli bwalo la gofu. Ambiri sacheukako n'komwe. Koma masewerawa ndi akale m'dziko la Zimbabwe kuposa malokeshoni onse a kumadzulo kwa mzindawu.

Atsamunda adafika mu 1890 n'kutcha malowa Fort Salisbury. Mu 1898, patangotha chaka chimodzi nkhondo ya Chimurenga choyamba itazilala, adakhazikitsa kalabu ya gofu yomwe lero ndi Royal Harare. Azungu ndiwo ankamenya kampira. Munthu wakuda ntchito yake idali kusenza chikwama cha ndodo, kutchetcha kapinga ndi kufunafuna kampirako kakalowa m'tchire.

M'zaka zotsatira, anthu a ku Nyasaland adakhamukira ku Halale, ena pansi wapansi kudzera ku Tete. Adatchuka pa ukhukhi ndi uwetala, ndipo ambiri adatchona. Mu 1946 boma la Southern Rhodesia lidayambitsa bungwe lolemba anthu ntchito lomwe kwathu tinkalitcha Mthandizi.

Chaka chomwecho cha 1946, kum'mawa kwa dzikolo, m'mapiri a Vumba pafupi ndi Umtali (Mutare wa lero), Leslie Seymour-Smith ndi mkazi wake Anne adatsegula hotela ya Leopard Rock. Pa ntchito yomanga adathandizidwa ndi akaidi a nkhondo a ku Italy, omwe ankadziwa kusema miyala. Dzina loti Vumba limatanthauza nkhungu, ndipo silonama: m'mawa mitengo imadontha madzi popanda mvula, ndipo phiri lomwe lili kuseri kwa hotelayo limangotulukira pang'onopang'ono dzuwa likakwera. Nyumbayo imaoneka ngati ya mfumu ya ku Ulaya, ya nsanja zosongoka, makoma ake ofiirira. Chaka chotsatira, ku Nyanga, Herbert McIlwaine adayamba Troutbeck, ya nyanja zoweteramo nsomba ndi bwalo lakelake la gofu. Mzungu wa fodya akagulitsa mabelo ake, ankakapumula kumeneko, kuwotha moto madzulo atavala jekete, wetala ataima chilili pambali.

Mu 1953, chaka chomwe Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba, mayi a Mfumukazi Elizabeth adagona pa Leopard Rock pamodzi ndi mwana wawo Margaret. Ulendo umenewo eni hotela amaukumbukabe mpaka lero. Kwa ife 1953 ili ndi kukoma kwina: ndi chaka chomwe makolo athu adakana chitaganyacho koma osamvedwa.

Nkhondo yomenyera ufulu itakula, malire a Mozambique, omwe amaonekera pakhonde pa hotelayo, adasanduka njira ya zigawenga, monga boma la Ian Smith linkawatchulira omenyera ufuluwo. Mu 1978 nyumbayo idaombedwa ndi roketi. Alendo adaleka kubwera, mafuta a galimoto adasowa, ndipo mu 1980, chaka cha ufulu, zitseko zidatsekedwa. Kwa zaka zoposa khumi nkhungu ndi anyani ndiwo adali alendo.

Nthawi yomwe hotelayo inkagona tulo ndi yomwe Kuwadzana adabadwa. M'zaka za m'ma 1980 boma latsopano lidagawa mapuloti pa malo omwe kale adali mafamu, m'mbali mwa msewu wa ku Bulawayo, aliyense n'kumanga yekha chipinda ndi chipinda. Ena mwa omangawo adali ana a matchona ochokera ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa, lokeshoni yomwe idamangidwira antchito a m'nyumba za azungu, komwe gule wamkulu amavinidwabe.

Mu 1990 Tony Taberer, wamalonda a fodya, adagula Leopard Rock, n'kuitsegulanso mu 1993. Apa ndi pomwe padabwera bwalo la gofu la mabowo 18 lomwe adalijambula Peter Matkovich. Lidadulidwa m'nkhalango yeniyeni, motsetsereka, moti womenya mwamphamvu koma mosalunjika kampira kake kamathera m'dziwe kapena m'ziyangoyango. Ku mabowo ena ukaimirira umaona chigwa cha Burma ndi dziko la Mozambique kutsidya.

Chaka chomwecho cha 1993, Lewis Chitengwa, mnyamata wa ku Harare yemwe bambo ake ankaphunzitsa gofu pa Wingate Park, adakhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisano wa South African Amateur. Chaka cham'mbuyo adali atagonjetsa Tiger Woods pa mpikisano wa achinyamata ku Florida. Mu 1994 Nick Price, yemwe adakulira ku Harare, adakhala katswiri wa gofu woposa onse pa dziko lonse. Chitengwa adamwalira mu 2001 ku Canada ali ndi zaka 26 zokha.

Lero pachipata cha Leopard Rock safunsa khungu la munthu, amafunsa thumba. Kuchokera ku Kuwadzana ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300: kombi mpaka ku Mbare, basi ya ku Mutare, kenako galimoto yokwera phiri. Mdzukulu wa khukhi atha kukagona m'chipinda choyang'ana kuphiri, n'kudzuka m'mawa kukaima pa bowo loyamba, mnyamata wina wa m'midzi ya ku Vumba atamusenzera chikwama.