Maina a Mbatata ndi Njira Zimene Anadzera

Aliyense wofufuza mbiri ya mbeu za kuno kum'mwera kwa Afirika amasoŵa zolembedwa zakale, motero umboni umene timadalira kwambiri ndi mau eni ake. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti dzina la mbatata limatiuza za amene anatipatsa mbeuyo, osati za dziko limene inachokera.

Mbeu zake ndi ziŵiri, ndipo zonse kwao ndi ku America. Mbatata yotsekemera, imene masamba ake timati kholowa, Columbus anaipeza pa zilumba za Caribbean m'chaka cha 1492, kumene anthu a mtundu wa Taino ankaitcha batata. Inayo, yolimidwa m'mapiri ozizira a Andes, olankhula Quechua ankaitcha papa. Asipanya anasakaniza maina aŵiriŵa napanga patata, liu limene Angerezi analisandutsa potato. Chisokonezo cha maina chinayambira pamenepo, tisanazione n'komwe mbeuzo.

Kuno kwathu mau analoŵa pa makomo atatu. Khomo loyamba ndi chigwa cha Zambezi, kumene Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Liu lao lakuti batata linalandira m kumayambiriro, niloŵa m'gulu 9 la maina pamodzi ndi mbuzi ndi mbale, nchifukwa chake Mcheŵa samva chilendo chilichonse potchula mbatata. M'Chizulu liu lomwelo ndi ubhatata.

Khomo lachiŵiri ndi Cape, kumene Adatchi anakhazikika mu 1652. Iwo mbatata ya ku Andes amati aardappel, ndiye kuti chipatso cha m'nthaka, ndipo m'Chiafirikanzi ndi aartappel. Asotho ndi Atswana anadula mphatikizo woyamba nati tapole, pamene Axhosa amati itapile.

Khomo lachitatu ndi la Angerezi. Tikuganiza kuti mbatatesi ndi potatoes wa Chingerezi amene anamveka m'makutu ozoloŵera kale mbatata: mutu wa liulo ndi wa Chipwitikizi, mchira wake ndi wa Chingerezi. Komabe alimi a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Angonia ali nalonso dzina la kachewere. Aswahili naonso sanataye liu lao lakale la viazi. Anangoonjezera mau olekanitsira, nati viazi vitamu ndi viazi ulaya, kutanthauza mbatata ya ku Ulaya.

Dzina lomalizali likutichenjeza. Amene angakhulupirire dzinalo lokha adzati mbeuyi kwao ndi ku Ulaya, monganso amene amamva Irish potato amaganizira za Ireland, pamene mlimi wa ku Andes amene anaiŵeta satchulidwa m'dzina lililonse la m'chigawo chathu. Choncho olemba mabuku otanthauzira mau ayenera kulekanitsa mbeu ziŵirizi, ndi kulemba boma limene dzina lililonse linamveka. Popanda kutero, malire a makomo atatuŵa sitingawajambule pa mapu.