Za Mtsinje wa Lungwena ndi Mapiri Ake

Pokumbukira zaka za Mishoni ya ku Malindi, tiyenera kukumbukiranso madzi amene atisunga ife ndi makolo athu. Kumpoto kwathu kuli mtsinje wa Lungwena, wochokera m'mapiri a Namizimu kum'mawa, umene utsikira m'chigwa chopapatiza cha minda, nuthira m'Nyanja. Suli mtsinje waukuru ai. M'chilimwe ngakhale mwana auoloka, koma m'dzinja udzala, nukokolola dothi la kumapiri, nuliunjika pamene ukomana ndi Nyanja.

Mphamvu ya mchenga wotere makolo athu anaiona ndi maso. Pofika 1915 Nyanja inali itatsika kwambiri, ndipo mchenga wa timitsinje ndi bango zinatseka Shire, kotero kuti madzi analeka kuturuka kufikira 1935. Njira ya sitima, imene kale inafika ku Fort Johnston, ndiye Mangochi wa lero, inafa. M'zaka zomwezo, mu 1924, Boma linapatula nkhalango ya Namizimu, kuti mitengo isunge akasupe.

Koma ife ana ao takwera mapiriwo ndi nkhwangwa, kufuna makala ndi minda. Pakuti mizu yachepa, mvula sikhalitsa m'nthaka; ithamanga tsiku limodzi, niononga chimanga cha kumunsi, nisiya matope m'malo oswera nsomba.

Chifukwa chake, abale, pa chaka chino cha chikondwerero tisaiwale kuti msodzi wa pagombe adya ndi mtengo wa paphiri. Tikausunga, Lungwena adzamwetsanso adzukulu athu.