Nsambo Zinayi: Ulendo wa Ukulele ndi Banjo ya Kwathu

 Nkhani yathu ya lero taimanga kuchokera m'boma la Mulanje, m'tsinde mwa phiri lija lotalika mamita 3,002 pansonga yake ya Sapitwa. Tikamba za kachoimbira kakang'ono ka nsambo zinayi, kooneka ngati mwana wa gitala, kamene dzina lake ndi ukulele. Achinyamata ena akaona kachoimbiraka m'manja mwa mlendo, kapena pakanema, amafunsa kuti: kodi munthu amayamba bwanji kukaphunzira? Yankho lake lili m'mbiri ya ukulele weniweniwo, ndiponso m'mbiri ya anyamata a m'midzi yathu amene adaphunzira banjo popanda buku ngakhale mphunzitsi wolipidwa.

Tiyambe ndi kutali. M'mwezi wa August chaka cha 1879, sitima ya pamadzi yotchedwa Ravenscrag idakocheza padoko la Honolulu, ku zilumba za Hawaii, itayenda panyanja pafupifupi miyezi inayi. M'sitimamo mudali Apwitikizi oposa 400 ochokera ku chilumba cha Madeira, amphaŵi amene adalembedwa kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Ena mwa iwo adanyamula kachoimbira ka kwawo ka nsambo zinayi kotchedwa machete. Pakati pawo padalinso amisiri atatu opala matabwa: Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo. Atatsiriza nyengo yawo m'minda ya nzimbe, amisiriŵa adatsekula malo awo a ntchito mu Honolulu, nayamba kusema zoimbira zonga za kwawo ndi mtengo wa komweko wotchedwa koa. Umo ndimo ukulele udabadwira.

Eni dziko adaukonda msanga. Ambiri amamasulira dzinali kuti nthata yodumpha, poona momwe zala za woimba zimalumphiralumphira pansambo. Mfumu yawo, Kalākaua, amene adalamula kuyambira 1874 mpaka 1891, ankaitana oimba ukulele ku nyumba yachifumu, ndipo choimbira cha anthu a m'minda chidalandira ulemu. M'chaka cha 1915 oimba a ku Hawaii adakaimba pa chionetsero chachikulu mu mzinda wa San Francisco, ndipo kuchokera pamenepo ukulele udawanda m'Amereka monse mpaka kutsidya kwa nyanja.

Tsono tibwerere kuno kwathu, pakuti mbiriyi ili ndi mbale wake ku Mulanje. M'chaka chomwecho cha 1891, chimene Mfumu Kalākaua adamwalira, mzungu wina dzina lake Henry Brown adabzala tiyi ku Thornwood, m'boma la Mulanje. Minda itakula idafuna manja ambiri, ndipo Alomwe ochuluka adaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthaŵa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya boma la Apwitikizi. Kuno nako adapeza goli lina, la thangata. Onani tsono: ku Hawaii nzimbe, ku Mulanje tiyi, koma konseko anthu otopa ndi ntchito ya tsiku lonse ankafuna nyimbo dzuŵa likaloŵa. Makolo athu sadali osoŵa zoimbira. Adali nazo ng'oma za tchopa, bangwe, kaligo ndi sansi, choncho khutu la mwana linkakula lozoloŵera kale mau a nsambo.

Banjo ndi gitala zidafala m'midzi makamaka itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse mu 1945. Asilikali a King's African Rifles ankabwera nazo, pamodzi ndi amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Mnyamata wa pamudzi sakadatha kugula chinthu chotere, koma adali ndi maso ndi manja. Ankatola chigubu cha mafuta kapena kapoto kotha ntchito, nakunga chikopa cha mbuzi pamwamba pake, nasema mtengo wouma kukhala khosi. Nsambo ankazipeza pomasula waya wa mabuleki a njinga kapena chingwe cha mbedza. Zimene adachita Nunes ndi anzake ku Honolulu ndizo zidachitika pakhonde la nyumba ya udzu ku Mulanje ndi ku Thyolo: kutenga choimbira chachilendo ndi kuchipanganso ndi zinthu za pakhomo.

Nanga ankaphunzira bwanji? Ankakhala pafupi ndi wodziŵa, namvetsera nyimbo imodzi kambirimbiri mpaka italoŵa m'mutu, kenaka n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe kukayesa yekha. Alan Namoko wa ku Thyolo, boma loyandikana ndi Mulanje, adali wakhungu. Komabe banjo yake pamodzi ndi gulu la Chimvu Jazz idamveka pawailesi m'dziko lonse, ndipo nyimbo zake zikumvekabe ngakhale adatisiya mu 1995. Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka adatola nyimbo za kwela ali ana ku Salisbury, pongomvera. Katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo mu 1967 nawajambula, ndipo pambuyo pake nyimbo zawo zidafika mpaka ku Ulaya. Sukulu ya onseŵa idali khutu.

Choncho inu amene mwapeza ukulele, kaya mwabwereka kaya mwagula, tsatani mapazi omwewo. Choyamba, phunzirani kukunga nsambo, kumene oimba amati kuchuna. Mukaugwira pachifuwa, khosi lake lili ku dzanja lamanzere, nsambo kuyambira yapamwamba kutsika pansi zimatchedwa G, C, E ndi A. Kwa inu a m'kwaya za kutchalitchi nkhani yapepuka, pakuti mau ake ndi so, do, mi, la. Dziŵani kuti nsambo yapamwambayo imalira mokweza kuposa iŵiri yoitsatira, ndipo ndicho chimapatsa ukulele kamvekedwe kake kopepuka. Lamya za m'manja za masiku ano zingakuthandizeni kuchuna, koma musalole kuti lamya ikumvereni. Imbani so, do, mi, la ndi pakamwa panu, nsambo zitsatire.

Chachiŵiri ndi dzanja lamanja. Ophunzira ambiri amathamangira kuphunzira zala za kumanzere, naiŵala kuti nyimbo ya kwathu imayenda ndi ng'oma. Phimbani nsambo zonse ndi dzanja lamanzere kuti zisalire, ndipo ndi chala chamkombaphala cha kumanja kwapulani kutsika ndi kukwera, mukuŵerenga kufikira zinayi, phazi likugunda pansi. Chitani zimenezi mpaka mutatha kucheza ndi mnzanu dzanja lisakuphonya.

Chachitatu, phunzirani magwiridwe atatu okha a zala, amene oimba amawatcha makiyi. Khosi la ukulele lidagaŵidwa m'zipinda ndi tizitsulo topingasa. Kuti mupeze C, ikani chala chachinayi, choyandikana ndi kaniŵeniŵe, m'chipinda chachitatu cha nsambo yapansi. Kuti mupeze F, chamkombaphala chikhale m'chipinda choyamba cha nsambo ya E, chapakati m'chipinda chachiŵiri cha nsambo yapamwamba. Kuti mupeze G7, chamkombaphala chisachoke pomwe chili, chapakati chitsikire m'chipinda chachiŵiri cha nsambo ya C, chachinayi chigwire chipinda chachiŵiri cha nsambo yapansi. Tsono yendani motere: C, F, C, G7, n'kubwereranso poyambira. Mukamvetsa bwino mudzazindikira kuti mayendedwe ameneŵa si achilendo. Ndiwo msana wa kwela ya a Kachamba ndi wa nyimbo zambiri zimene mudakula nazo.

Chachinayi, sankhani nyimbo imodzi imene mumaidziŵa kuyambira ubwana, ya kutchalitchi kapena ya paukwati, ndipo musaisiye mpaka itakhazikika. Nsonga za zala zidzapweteka masiku oyamba, koma nsambo za ukulele n'zofeŵa, sizicheka ngati waya wa njinga umene udakhwimitsa zala za akuluakulu aja. Mphindi zoŵerengeka tsiku lililonse ziposa tsiku lathunthu kamodzi pamwezi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu, musaphunzire nokha. M'misika ya ku Chitakale, Limbuli ndi Muloza, ndi m'midzi yozungulira minda ya tiyi, funsani za achikulire amene adagwirapo banjo. Kachunidwe kawo kangasiyane ndi ka ukulele, koma dzanja lamanja ndi khutu adzakupatsani, zinthu zimene buku silingathe. Pitani mwaulemu, mukhale pansi, mumvetsere. Luso limeneli silidalembedwe paliponse, ndipo mkulu mmodzi akamwalira osalisiya kwa mwana, lapita naye kumanda.

Mau aŵiri kwa inu makolo. Kale woimba banjo ankatchedwa mlesi ndi woyendayenda, ndipo ana ena adaswereredwa zoimbira zawo. Koma taonani Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band, amene adayambira m'miseu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni wopanga okha. Mu 2017 adakaimba ku Zanzibar, ndipo kenaka adazungulira maiko a ku Ulaya. Mwana akamaliza ntchito ya kumunda ndi ya kusukulu, mlekeni alize kachigubu kake.

Ndipo iwe mwana amene ulibe ndalama zogulira ukulele wa m'sitolo, usakhale manja lende. Chigubu chilipo, mtengo ulipo, makutu uli nawo. Yamba ndi zimenezo, monga adayambira amisiri a ku Madeira ndi Namoko wa ku Thyolo.