Chitetezo ndi Umoyo Pantchito

Iyi ndi ndondomeko imene olemba anthu ntchito amatsata pofuna kuti wantchito aliyense aziweruka ali bwinobwino, wosavulala kapena kudwala. Ku Malawi, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo Unduna wa Zantchito ndiwo umayendera malo antchito.

Choyamba n'kufufuza chimene chingapweteke munthu: waya wamagetsi wosendeka, lamba wa chigayo wopanda chotchinga, fumbi la pamalo oswera miyala. Choopsacho chikapezeka, amachichotseratu. Zikakanika, amaikapo china chosaopsa, amatchinga makina ndi kuphunzitsa antchito kagwiritsidwe kake. Chisoti, magolovesi ndi nsapato zolimba zimabwera pomaliza, chifukwa zimangochepetsa kuvulala koma ngozi imakhalapobe.

Choopsa chikanyalanyazidwa, anthu amafa. Pa 24 Epulo 2013, nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwa n'kupha anthu 1,134. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake ndipo banki ya m'nyumbamo inatseka, koma osoka zovala ogwira ntchito m'nyumbamo anauzidwa kuti alowe basi.

Bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO limakumbukira za chitetezo pantchito pa 28 Epulo chaka chilichonse, kuyambira mu 2003.